Kagwiridwe Kabwino ka Reel ya Baitcaster: Kabuku ka Asodzi a Mbedza ndi Mabanja Awo

## Chifukwa chake kagwiridwe n'kofunika

Reel ndi kachipangizo komangirira pa ndodo yowedzera, kamene kamasunga chingwe, kuchitulutsa poponya, ndi kuchikulunga pokoka nsomba. Imene anthu ambiri anaizolowera ndi ija imalendewera kunsi kwa ndodo. Koma pali ina imene imakhala pamwamba pa ndodo, mpukutu wake wa chingwe utagona chopingasa pamalo poti chala chamanthu n'kuukhudza. Imeneyi ndiyo baitcaster.

Kwawo kwa reel imeneyi ndi ku America. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, George Snyder, mmisiri wokonza mawotchi m'tauni ya Paris ku Kentucky, anayamba kupanga ma reel a magiya oti aziwedzera nsomba za bass m'mitsinje ya kwawoko. Ma reel akalewo anali aukali: poponya, chopukusira chinkazungulira chobwerera mwaliwiro n'kumamenya zala za msodzi. Mu 1952 kampani ya ABU ya ku Sweden, imene nayonso inayamba ndi mawotchi, inatulutsa Ambassadeur 5000, yokhala ndi mabuleki m'kati ndiponso mpukutu wozungulira paokha chopukusira chili chete. Mu 1973 Lew Childre anatulutsa Speed Spool, yophwatalala, yokwana bwino m'chikhatho. Ma reel ambiri a lero anatengera maonekedwe amenewo.

Nsomba ya bass inafika ku South Africa mu 1928 ndipo ku Zimbabwe mu 1932. Lero pa madamu a Albert Falls ndi Inanda ku KwaZulu-Natal, kapena Manyame ndi Mutirikwi ku Zimbabwe, baitcaster ili m'manja mwa asodzi ambiri. Imagwiranso ntchito pa nyanja ya Kariba, pa Cahora Bassa ku Tete, ndi m'mtsinje wa Zambezi, kumene anthu amasaka nsomba ya tigerfish. Kuchokera kumeneko ma reel ena amafika m'makomo ndi achibale obwera ku Joni, ena amapezeka pa kaunjika, ena amapatsidwa kwa anyamata oyendetsa maboti a alendo.

Vuto limayamba tsiku loyamba. Munthu amaponya monga anazolowerera pa reel yolendewera ija, nyambo imagwa pafupi, ndipo chingwe pa mpukutu chimangoti piringupiringu. Akayesa kawiri katatu amagwa ulesi, reel n'kuiponya pansi pa bedi, amvekere ndi yakufa. Nthawi zambiri reelyo imakhala ilibe vuto lililonse. Chimene chasowa ndi chala chamanthu pamalo pake.

Kagwiridwe kabwino kamapindulitsa motere:

- chingwe sichipiringizana, choncho ndalama zogulira china zimapulumuka;
- nyambo imagwa pamene msodzi akufuna, kaya pansi pa nthambi kapena m'mbali mwa bango;
- dzanja limamva msanga nsomba ikangolawa nyambo;
- mkono sutopa ngakhale munthu awedze tsiku lonse;
- nsomba yaikulu ikakoka mwadzidzidzi, ndodo siipulumuka m'manja.

## Chimene chimapiringiza chingwe

Pa reel yolendewera, mpukutu umakhala chete poponya ndipo chingwe chimangovukuka chokha. Pa baitcaster mpukutu womwewo ndiwo umazungulira. Nyambo ikamachoka kunsonga kwa ndodo imakhala ndi liwiro lalikulu, imakoka chingwe, chingwe n'kuzunguza mpukutu. Ikafika m'mlengalenga mphepo imayamba kuibweza, liwiro lake limachepa, ndipo ikagwa pamadzi imaima. Mpukutu suzidziwa zimenezi. Umapitiriza kuzungulira ndi kulavula chingwe chimene palibe akuchikoka, ndiye chingwecho chimatukumuka n'kukolana chokhachokha.

Wakabaza akamatsika chitunda atanyamula matumba a makala, zala zake sizichoka pa buleki. Amafinya pang'ono, kumasula, kufinyanso, mpaka atafika kunsi. Ntchito ya chala chamanthu pa mpukutu ndi yomweyo. Mabuleki a m'kati mwa reel amathandiza, koma amene amaona kumene nyambo yafika ndi msodzi, ndipo chala chake ndicho chimaimitsa mpukutu pa nthawi yake.

## Ziwalo zoyenera kuzidziwa

- Mpukutu: pamene pamakulungika chingwe.
- Batani lomasulira: lili kumbuyo kwa mpukutu, pamene chala chamanthu chimafikira. Likadinidwa, mpukutu umamasuka. Pa ma reel ena obulungira batanili limakhala chambali.
- Chopukusira: chikangozunguzidwa pang'ono, pamamveka kuti tcha, mpukutu wagwiranso magiya.
- Kanyenyezi: kali pakati pa chopukusira ndi thupi la reel. Kamakhwimitsa kapena kufewetsa mphamvu imene nsomba iyenera kukoka nayo kuti chingwe chituluke.
- Kachivindikiro kofinyira mpukutu: kakang'ono, kozungulira, kali mbali ya chopukusira.
- Mabuleki: ali mbali inayo. Ena ndi a maginito, osinthira kunja pa manambala. Ena ndi timapini ta m'kati, tofuna kutsegula chivindikiro cha mbaliyo.
- Kadiso koyala chingwe: kali kutsogolo, kamayenda uku ndi uku kuti chingwe chigone mofanana.
- Kanyanga ka ndodo: katulukira kunsi kwa ndodo, pansi pa reel. Ndodo ya baitcaster imadziwika ndi kanyanga kameneka komanso timphete ting'onoting'ono toyang'ana kumwamba. Ndodo ya reel yolendewera ilibe kanyanga, ndipo siigwirika bwino ndi baitcaster.

## Reel ya dzanja liti?

Chopukusira cha baitcaster sichisunthidwa kuchoka mbali ina kupita ina. Wogula aone bwino asanapereke ndalama. Makampani ena amasonyeza zimenezi pa nambala: Shimano yolembedwa 200 ili ndi chopukusira kumanja, 201 kumanzere, Ambassadeur 5500 kumanja, 5501 kumanzere.

Munthu wogwiritsa dzanja lamanja ali ndi njira ziwiri. Akatenga reel ya chopukusira kumanja, amaponya ndi dzanja lamanja, kenako amapereka ndodo ku dzanja lamanzere kuti lamanja lipukuse. Umu ndi mmene asodzi ambiri akale anaphunzirira, ndipo njirayi ikugwirabe ntchito. Akatenga ya chopukusira kumanzere, ndodo siichoka ku dzanja lamanja. Amene anazolowera kupukusa ndi dzanja lamanzere pa reel yolendewera, njira yachiwiriyi imamupepukira. Wamanzere atembenuze zonsezi.

Amene reel anachita kupatsidwa asadandaule za mbali. Manja amazolowera.

## Kukonzekera asanaponye

Ngakhale chala chaluso chimalephera pa reel yosakonzedwa bwino. Wophunzira atsate ndondomeko iyi:

1. Amange reel molimba pa ndodo. Ikamagwedera pampando pake, dzanja limakakamira kuigwira m'malo moyang'anira mpukutu.
2. Ayambe ndi chingwe cha nayiloni cha mphamvu ya makilogalamu 5 mpaka 7, chonenepa pafupifupi mamilimita 0.30 mpaka 0.35. N'chotchipa ndipo chimamasuka msanga chikakolana. Chingwe choluka chidikire kaye.
3. Akulunge chingwe chili chokokeka, ndipo asiye mpata wa mamilimita 2 kapena 3 kuchokera kumlomo wa mpukutu. Mpukutu wodzaza mpaka m'khosi umapiringiza chingwe.
4. Amangirire cholemera cha magalamu 10 mpaka 14. Nati yachitsulo ikwanira. Zopepuka kuposa magalamu 7 zimavuta kwa wophunzira.
5. Akonze kachivindikiro kofinyira mpukutu. Akakhwimitse, akweze nsonga ya ndodo, adine batani, kenako azikamasula pang'onopang'ono mpaka nati itayamba kutsika yokha mosathamanga. Nati ikagunda pansi, mpukutu uime osalavula chingwe. Ukalavula, akhwimitsenso pang'ono. Nyambo ikasinthidwa, ntchitoyi ibwerezedwe.
6. Akweze mabuleki. Pa a maginito, ayambire pa nambala yapamwamba ndithu, monga 7 kapena 8 pa reel yolekezera pa 10. Pa a timapini, ayatse toyang'anizana, tiwiri kapena tinayi, kuti mpukutu uzungulire mosapendama.
7. Akonze kanyenyezi. Chingwe chikakokedwa ndi dzanja chizituluka molimbirako koma mosadukiza. Muyeso wake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a mphamvu ya chingwecho.

## Kagwiridwe koyamba: poponya

Baitcaster ili ndi magwiridwe awiri, ndipo kalikonse kali ndi nthawi yake. Koyamba ndi ka poponya.

1. Agwire ndodo kumbuyo kwa reel ndi dzanja loponyera. Chala chamkombaphala chikole kanyanga. Zala zitatu zotsalazo zizungulire chogwirira cha ndodo kumbuyo kwa kanyangako. Wa dzanja lalikulu angathe kuika zala ziwiri kutsogolo kwa kanyanga ngati chala chamanthu chikufika bwino pa mpukutu.
2. Chala chamanthu chigone pamalo awiri: pamimba pake pakhale pa batani, nsonga yake ikhudze chingwe cha pa mpukutu. Chikhale chopindika pang'ono. Chala chowongoka ngati chouma sichimva kanthu.
3. Asiye nyambo ilendewere masentimita 20 mpaka 30 kuchokera kunsonga kwa ndodo.
4. Atembenuze dzanja kuti chikhatho chiyang'ane pansi ndipo reel igone chambali. Pa reel ya chopukusira kumanja, chopukusiracho chiloze kumwamba; pa ya kumanzere, chiloze pansi. Dzanja likakhala chonchi, mfundo yake imapindika momasuka, ndipo mphamvu yoponyera imachokera pamenepo.
5. Adine batani, nsonga ya chala itapanikiza kale mpukutu. Akadina chala chili m'mwamba, nyambo imagwa pansi chingwe n'kukolana asanaponye n'komwe.
6. Chigongono chikhale pafupi ndi nthiti. Abweze ndodo kumbuyo mofatsa mpaka amve kuti nyambo yaipinda nsonga, kenako aibweretse kutsogolo mosadukiza. Pa ndodo yaitali, ya mamita 2 kapena kuposa, dzanja linalo ligwire kutsinde n'kumakokera kumimba pamene dzanja loponyera likukankhira kutsogolo.
7. Amasule chala ndodo ikangodutsa pamwamba pa mutu. Kumasula si kuchotsa. Chala chikwere pang'ono chabe, chingwe chizimveka chikunyambita khungu.
8. Nyambo ili m'mlengalenga, chala chizimvetsera. Chingwe chikayamba kutukumuka chimagunda chala mwakachetechete. Pamenepo apanikize pang'ono mpaka chigone, n'kumasulanso.
9. Nyambo isanati tchubwi pamadzi, chala chipanikize mpukutu n'kuuimitsa. Maso akhale pa nyambo, osati pa reel. Apa ndi pamene ophunzira ambiri amagwera.

Nyambo ikamamenya pansi pafupi ndi mapazi, chala chikuchedwa kumasula. Ikamakwera kumwamba n'kugwa pafupi, chikufulumira. Ophunzira ambiri amapeza kuti kuponya chambali, ndodo ikuyenda molingana ndi chiuno, n'kosavuta poyamba kusiyana ndi kuponya chapamutu, chifukwa nyambo imayenda chapansipansi pamene mphepo siivutitsa kwambiri.

## Kagwiridwe kachiwiri: pokulunga

Nyambo ikagwa, dzanja lisatsalire kumbuyo kwa reel. Likatsalira kumeneko, kulemera konse kwa reel ndi ndodo kumakhala kutsogolo kwa dzanja, reel imapendamira uku ndi uku pa kupukusa kulikonse, ndipo pofika masana mkono umakhala ukuwawa. Kagwiridwe koyenera ndi kofumbatira.

1. Chikhatho chikumbatire mbali ya reel yopanda chopukusira. Mbali imeneyi anaipanga yosalala dala kuti ilowe m'dzanja.
2. Zala zipite kunsi kwa ndodo. Kanyanga kakhale pakati pa chala chachinayi ndi chaching'ono. Wa dzanja laling'ono akaike pakati pa chala chapakati ndi chachinayi. Kanyangako ndiko kamaletsa ndodo kupulumuka nsomba ikatswanya.
3. Chala chamanthu chigone pamwamba pa thupi la reel, pafupi ndi mpukutu koma osaukhudza, ndiponso kutali ndi batani.
4. Chala chamkombaphala chizungulire kutsogolo kwa reel n'kukhudza ndodo yeniyeniyo. Powedza ndi nyambo yokwawa pansi pa madzi, asodzi ena amachiika pansi pa chingwe, kutsogolo kwa kadiso, kuti amve ngakhale kakugunda kakang'ono. Chala chisalowe m'njira ya kadiso, kamapana.
5. Dzanja lopukusa ligwire kanthu kakumapeto kwa chopukusira ndi zala ziwiri, chamanthu ndi chamkombaphala. Lizungulire ndi mfundo ya dzanja, phewa lili chete.
6. Tsinde la ndodo litsamire kunsi kwa mkono kapena m'nthiti. Dzanja ndi mkono zikhale mzere umodzi.

Agwire molimba bwanji? Mokwanira kuti mwana wokoka kunsonga asalande ndodo, koma osafika poti zikhadabo ziyere. Dzanja lofinya kwambiri limachita dzanzi, ndipo dzanja ladzanzi silisiyanitsa kugunda kwa mwala ndi kulawa kwa nsomba.

Pa reel pamalembedwa manambala monga 6.3:1. Zikutanthauza kuti chopukusira chikazungulira kamodzi, mpukutu umazungulira kasanu ndi kamodzi n'kapitiriro. Choncho palibe chifukwa chopukusira mwaphuma. Kupukusa modekha kumathandiza dzanja lofumbatira kukhala chete.

## Kusintha manja

Wa reel ya chopukusira kumanja aphunzire kusintha manja mosataya nthawi, chifukwa nsomba zina zimalumphira nyambo ikangogwa.

- Chala chamanthu chamanja chiimitse mpukutu.
- Dzanja lamanzere libwere lifumbatire reel, chala chamanja chisanachoke pa mpukutu.
- Dzanja lamanja lichoke, lipite pa chopukusira, lizunguze mpaka pamveke kuti tcha.

Pakati pa zonsezi pasakhale mphindi imene mpukutu uli womasuka popanda chala. Wa reel ya chopukusira kumanzere sasintha manja, komabe asunthe dzanja lamanja kuchoka kumbuyo kubwera pofumbatira. Dzanja lamanzere ligwirizize kutsogolo kwa reel pamene lamanja likutsetserekera kutsogolo.

## Nsomba ikadya

Msodzi akamva kugunda, atsitse nsonga pang'ono, akulunge chingwe cholendewera, kenako akweze ndodo mwamphamvu ndi mkono ndi chiuno pamodzi, chigongono chili pafupi ndi thupi. Dzanja likhalebe chofumbatira.

Pokoka nsomba yolemera monga mlamba waukulu kapena kampango, reel isasanduke chokokera katundu. Akweze ndodo mofatsa osapukusa, kenako aitsitse akupukusa, n'kumabwereza. Magiya amakhalitsa akamagwira ntchito chonchi.

Nsomba ikathawa ndi chingwe, aisiye kanyenyezi kagwire ntchito yake. Chala chamanthu chingathe kuwonjezera mphamvu pang'ono ngati nsomba ikulowera m'zitsa, koma kupanikiza mpukutu umene ukuthamanga kumaotcha khungu ndipo kumadula chingwe. Tigerfish, imene imapezeka m'Zambezi ndi m'Shire kumunsi kwa mathithi a Kapichira, ili ndi kamwa lolimba ndipo imalumpha ikupukusa mutu. Ikamalumpha, nsonga ya ndodo itsike chambali, chingwe chikhalebe chokokeka. Mano ake amadula nayiloni, choncho pakati pa chingwe ndi nyambo pamafunika kawaya.

## Zolakwika zofala

- Kuchotseratu chala pa mpukutu poponya. Ichi ndicho gwero la mipiringizo yambiri.
- Kuponya ndi mphamvu zonse. Kukantha ndodo mwadzidzidzi kumathamangitsa mpukutu kuposa nyambo. Mtunda umabwera ndi kuponya kosalala.
- Kumasula mabuleki msanga pofuna kufika patali. Atsitsidwe nambala imodzi imodzi, chala chikayamba kuzolowera.
- Kuponya mopenyana ndi mphepo. Mphepo imabweza nyambo koma siibweza mpukutu. Nthawi ya mwera, msodzi aime moti mphepo ichokere kumbuyo kapena chambali. Ngati n'kosatheka, akweze mabuleki, aike nyambo yolemererapo, aponye chapansipansi.
- Kusiya reel itayang'ana kumwamba poponya chapamutu. Mfundo ya dzanja imaumirira ndipo phewa ndilo limavutika.
- Kutembenuza ndodo kuti reel ilendewere kunsi. Baitcaster imagwira ntchito ili pamwamba basi.
- Kugoneka chala pa batani pokulunga. Nsomba ikagunda, chala chimadina mosadziwa, mpukutu n'kumasuka pa nthawi yoipitsitsa.
- Kupukusa nyambo ikadali m'mlengalenga. Magiya amagwirana mpukutu ukuthamanga, ndipo mano ake amaphwanyika.
- Kuiwala zakumbuyo. Nyambo ikakola nthambi kapena udzu pobweza ndodo, mpukutu umalavula chingwe chambiri nthawi imodzi.

## Chingwe chikapiringizana

Ngakhale akatswiri a mipikisano zimawachitikira. Mpeni ukhale chinthu chomaliza.

1. Asakoke mwaukali, mfundo zimangolimba.
2. Adine batani, chala chili pa mpukutu, akoke chingwe pang'onopang'ono kutsogolo kwa kadiso mpaka chitakana.
3. Ayang'ane pamene chakanira. Pamakhala kachingwe kopindika kamene kapingasa chinzake. Akakokere kumbuyo ndi chikhadabo kapena kamtengo kosongoka. Mbedza kapena singano zimakanda chingwe n'kuchifooketsa.
4. Zikakanika, akhwimitse kanyenyezi, apanikize chala mwamphamvu pa mpiringizo, apukuse theka la mzunguliro, adinenso batani n'kukoka. Abwereze kangapo. Akamaliza akumbukire kubwezera kanyenyezi pamalo pake.
5. Atulutse chingwe chonse cholobodoka, kenako achikulunge chikudutsa pakati pa zala ziwiri kuti chigone molimba.

Pali njira yochepetsera vutoli pophunzira. Wophunzira atulutse chingwe chotalikirapo kuposa pamene amaponyera, amate kachidutswa ka tepi ya mawaya a magetsi pa chingwe chotsala pa mpukutu, kenako akulunge chija pamwamba pake. Mpiringizo sungalowe kupyola tepiyo.

## Kuyeserera pakhomo

Pabwalo ndi pabwino kuphunzirira kuposa pamadzi, chifukwa mtima sukhala pa nsomba. Poyeserera pasakhale mbedza.

- Gawo loyamba: atakhala pampando, adine batani, asiye nati itsike, aiimitse ndi chala itatsala pang'ono kugunda pansi. Abwereze mpaka azitha osayang'ana reel.
- Gawo lachiwiri: aike beseni pa mtunda wa mamita 10, aziponya chambali mofatsa, kuimitsa mpukutu nati isanagwe.
- Gawo lachitatu: asunthire beseni pa mamita 15 kenako 20, ayambe kuponya chapamutu.
- Gawo lachinayi: awonjezere kusintha manja ndi kufumbatira pa kuponya kulikonse.
- Gawo lachisanu: atsitse mabuleki pang'onopang'ono.

Kuyeserera kwakanthawi tsiku ndi tsiku kumaphunzitsa chala msanga kusiyana ndi kuyeserera tsiku lonse kamodzi kokha. Mwana wamkulupo, mnyamata kapena mtsikana, angathe kuphunzira ngati chala chake chikufika pa mpukutu chamkombaphala chili pa kanyanga. Wophunzitsa aime kumbali ya dzanja limene silikuponya, ndipo ana aang'ono, nkhuku ndi mbuzi zikhale kutali.

## Machenjezo

- Mbedza. Nyambo zopanga zambiri zimakhala ndi mbedza za mano atatu. Msodzi acheuke nthawi zonse asanaponye, makamaka m'boti. Magalasi ndi chipewa zimateteza maso ndi makutu.
- Chingwe choluka. Chimacheka khungu mpaka mnofu. Chisakulungidwe pa chala kapena pa dzanja.
- Nyambo ikakodwa pansi. Asakoke ndi ndodo yopindika, ndipo asapanikize mpukutu ndi chala n'kumatswanya, chifukwa kachitsulo kamene mpukutu umazungulirapo kamapindika. Atulutse chingwe pang'ono, achikulunge pa kamtengo, akoke nkhope atayang'ana kumbali, poti nyambo ikamasuka imabwerera mwaliwiro.
- Magetsi ndi mphenzi. Ndodo zambiri za masiku ano ndi za kaboni, ndipo zimayendetsa magetsi. Asayeserere pansi pa mawaya. Kukayamba kugunda, ndodo igonekedwe pansi ndipo munthu achoke pamadzi.
- Ng'ona ndi mvuu. M'Shire, m'Zambezi, pa Kariba ndi pa Cahora Bassa, woima pagombe ataye mtunda kuchoka pamadzi ndipo asaweramire m'madzi pomasula nsomba kapena nyambo. Amene maso ake ali pa mpiringizo sakuona mtsinje; asunthire kumtunda asanayambe kumasula.
- M'bwato. Jekete yoyandamitsa ivalidwe. M'bwato la mtengo aponye atakhala pansi.
- Kuchotsa mbedza. Pa tigerfish, zala zisayandikire kamwa. Agwiritse chopanira chachitsulo. Pa mlamba ndi kampango asamale minga ya m'zipsepse.
- Malamulo. Asanayambe, afunse ku ofesi ya za usodzi kapena kwa oyang'anira malowo za chilolezo, nyengo yotseka ndi malo oletsedwa. Mpasa ndi sanjika zikamakwera mitsinje kukaswana, zisiyidwe.
- Bass isasamutsidwe. Ndi nsomba yachilendo yolusa, imene yachepetsa nsomba zachibadwidwe m'mitsinje ina ya ku South Africa. Yamoyo isatengedwe kuchoka pa damu kupita kumtsinje kapena kunyanja ina.

## Kusamala reel pambuyo powedza

Reel yakuda imazungulira modukiza, ndipo chala chimalephera kuiwerenga. Pobwera kowedza, ipukutidwe ndi kansalu konyowa n'kuumitsidwa pamthunzi. Isamizidwe m'madzi, ndipo isagonekedwe pamchenga. Mchenga ukalowa m'kanjira ka kadiso umadya zitsulo msanga.

Pa mabering'i a mpukutu padonthetsedwe kadontho kamodzi ka oyilo wopepuka, kanjira ka kadiso kapatsidwenso pang'ono. Girizi ndi wa magiya okha; akapakidwa pa mabering'i, mpukutu umalemera ndipo nyambo siipita patali. Pa mabuleki a timapini asachuluke oyilo. Posunga, kanyenyezi kamasulidwe kuti timawashala ta m'kati tisaphwatalale, ndipo reel ikhale m'kathumba, kutali ndi dzuwa, chifukwa dzuwa limafooketsa nayiloni. Ulendo wotsatira usanayambe, msodzi apititse mamita awiri oyambirira a chingwe pakati pa zala; pamene pakumveka kukhakhala adule, amangenso nyambo, akonzenso kachivindikiro kofinyira mpukutu molingana ndi kulemera kwa nyambo ya tsikulo.